Nambala ya a Nangondo

Abale ndi alongo, moni nonse. Nditsitseko masikiyi kuti mundimve bwino, ndipo amene muli pafupi musunthe pang'ono. Amayi amene mwachita kupempha ofu kuti mufike kuno ku Al Mankhool, mu Dubai muno, sindikuchedwetsani, ndikudziwa kuti madamu akuyang'ana wotchi.

Ambiri mumandidziwa kuti Fakisoni wa sikiyuriti ku hotela ya ku Marina, uja amaimba besi yokhota m'kwaya. Koma ndisanavale yunifolomu ndinali mlembi wa kalabu ya alimi a mtedza kwathu ku Mchinji. Lero sindinabwere kudzaimba. Ndabwera kudzanena za mayi wina amene ndinamuipitsira dzina, kenako n'kukhala chete zaka zinayi.

Kalabu yathu inali ndi mwayi umene makalabu ena ankangoulota. Tinapeza wogula wa ku Holland, mzungu wamtali amene ankagwa pa njinga ya kabaza nthawi iliyonse akabwera. Tsiku loyamba anatifotokozera kuti ku Ulaya maiko ambiri anagwirizana n'kukhala msika umodzi. Katundu akaloledwa pa doko limodzi amayenda maiko onsewo osaimitsidwanso pa malire. Mtedza wa ku Mchinji ukalowa ku Holland, mawa uli ku Germany, mkuja ku France. Ife tinaomba m'manja. Ine ndinangomva mbali yokomayo, mbali inayo sindinaifunse.

Ndikakumbukira zaka zimenezo, abale, mtima umandiwawa ndi kukoma kwake. Pa tauni yathu yaing'ono panali phee kale, galu ankagona pakati pa msewu mpaka masana. Mtedza utayamba kupita ku Ulaya, panadzuka. Telala amene ankasoka zigamba anayamba kusoka matumba, mpaka analemba anthu awiri. Wowotcherera anasiya kukonza mipando ya tchalitchi n'kuyamba kupanga makina oswera mtedza. Akabaza ankapanga mzere pa shedi yathu kuyambira m'mawa. Mayi wina anatsegula tiyirumu pafupi ndi sikelo, ndipo zitumbuwa zake zinkatha isanakwane naini. M'shedi amayi ankakhala mozungulira mphasa, kusankha mtedza uku akuimba, uku akunyogodola aliyense wodutsa. Ine ankanditi "alembi a bolopeni kukhutu." Ndinkadziona ngati nduna. Madzulo tauni yonse inkanunkhira mtedza wokazinga, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa shopu ya Amwenye apa pakona n'kumva fungo limenelo, miyendo imaima yokha.

Msika umenewu unali ndi lamulo limodzi lolimba: mtedza usakhale ndi chuku. Inu a kumudzi mukudziwa mmene timachitira kwathu. Mtedza ukauma kwambiri timauwaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke poswa. Agogo athu ankatero, ife tinakulira momwemo. Koma madzi amenewo ndi amene amaitana chuku, ndipo poizoni wa chuku saoneka ndi maso. Azungu ali ndi makina omupezera. Ndiye kalabu inaletsa kuwaza madzi, ndipo membala aliyense anapatsidwa nambala yake. Thumba lililonse linkasokeredwa kapepala ka nambala ya mwini wake, kuti likakapezeka ndi vuto kutali, adziwe kumene lachokera. Wolemba timapepala timeneto ndinali ine.

Mwa mamembala onse panalibe wosamala ngati a Nangondo. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wosalankhulalankhula, amene ankalera zidzukulu ndi mtedza womwewo. Ankaswa wouma gwa mpaka zala kuchita matuza. Njere ikangokwinyika pang'ono ankaitaya. Mamembala atsopano tinkawatumiza kwa iwo kuti akaphunzire, ndipo woyeza wathu anafika posiya kutsegula matumba awo. Akangoona nambala 14 ankati dutsani. Kuwerenga sankadziwa, ankadinda chala pamene ndawalozera.

Chaka china mvula inadula msanga, mtedza unachepa. Kontena inkafuna kunyamuka kupita ku Beira koma inali isanadzaze. Ndinganene kuti ndinkafuna kupulumutsa oda ya kalabu, ndipo n'zoona pang'ono. Koma ndili pamaso pa Mulungu, ndinene zonse: ndinaonaponso phindu langa. Ndinapita kwa mavenda kumsika, ndinagula mtedza wotchipa, woswa ndi madzi, ndikudziwa bwinobwino. Ndinauthira m'matumba a kalabu. Pa timapepala ndinalemba nambala imene palibe akanaikayikira, nambala 14. A Nangondo atabwera ndi matumba awo enieni, ndinawalozera podinda povomereza kuti matumba onse a nambala 14 ndi awo, anadinda, anandithokozanso.

Patapita miyezi iwiri foni inalira. Kontena yakanidwa pa doko ku Holland, apeza chuku. Ine, Ndadziwakale amene anamanga nyumba yopanda khomo, ndinaseka. Ndinamuuza mzunguyo kuti, "Bwana, musadandaule. Ayesereni ku Belgium. Akakana, ku Germany." Mukudziwa mmene timaganizira ife. Pa Mwanza akakuvutitsa umazungulira pa Dedza, pa Dedza akavuta umafufuza amene wakhala pa geti tsiku limenelo, mwina n'kumugulira fanta. Ndinkayesa kuti Ulaya ndi choncho, maiko ambiri, mageti ambiri. Mzungu uja anati, "Fakisoni, sunamvetse. Mageti ndi ambiri koma buku ndi limodzi. Atangokana pano, madoko onse auzidwa kale." Mgwirizano womwe uja unatitsegulira maiko onse ndi pepala limodzi, unatitsekeranso onse tsiku limodzi.

Wogulayo anayeza matumba potsata manambala, ndipo oipa onse anali a 14. Kalabu inaitanitsa msonkhano. A Mbewe, wapampando wathu, anawerenga kalata ya ku Holland. Anthu anakalipa, ena anatukwana, amayi omwe ankaphunzira kwa a Nangondo ndi amene anakuwa kwambiri. A Nangondo anaimirira, anakutumula chitenje, n'kutuluka. Chigamulo chowachotsa m'kalabu ndinachilemba ine m'buku, ndi dzanja ili, zilembo zokongola.

Kuchokera pamenepo zinayenda mofulumira. Wogula anaima kaye, sanabwerenso. Telala anabwerera ku zigamba, tiyirumu inatsekedwa, akabaza anabalalika. Ine ndinayamba kachasu, poyamba kuti ndizigona, kenako kuti ndizidzuka. Ndikaona a Nangondo akubwera m'njira ndinkakhota kulowa m'chimanga. Mkazi wanga anatopa, ananyamula ana kupita kwawo. Nditamva kuti ejenti akulemba anthu a sikiyuriti ku Dubai, ndinagulitsa njinga yamoto ndi malata, n'kuthawa. Ndinkati kudziko la Asilamu mowa kulibe, ndikasiyira komweko. Anzanga a ku Sonapur, kumene timagona antchito, musaseke, mukudziwa. Kuseri kwa akomodeshoni kuli chilichonse, ndipo poyerekeza ndi chakumwa cha kumeneko, kachasu wa kwathu ndi tiyi. Zaka zitatu ndinkakwera basi ya kampani m'mawa ndi matsire, ndikutafuna chingamu kuti supavaiza asamve fungo. Anandichenjeza kawiri. Kunyumba ndinasiya kuimba foni. Ku mapemphero kuno ndinkabwera, ndinkaimba besi, ndipo mmodzi wa inu ananditcha chitsanzo.

Kenako kunabwera korona.

Mukukumbukira mmene Marina inakhalira. Metro inaima, tramu inaima, maboti anangoti ndii pamadzi. Hotela yathu inatsekedwa, anzathu ambiri anatumizidwa kwawo. Anasiya anthu ochepa oti tizisamala nyumbayo, ndipo anatiuza kuti tizigona momwemo, osatuluka. Ine ndinatsala chifukwa choti pasipoti yanga inali itatha ntchito, osati chifukwa cha khalidwe. Bala ya hotela inali yokhoma, makiyi ali ndi manijala. Pa tsiku lachitatu lopanda mowa manja anga ankanjenjemera moti sindinkatha kusaina m'buku la pageti.

Mwa otsalawo munali madamu Mirela, mayi wa ku Romania amene ankayang'anira sitolo ya zakudya. Anali wolusa, wa mawu okwera ngati mayi wa pa chigayo, koma wa mtima wabwino. Tsiku lina masana anandiitana kuti ndikamuthandize kutulutsa zakudya zimene zinatsala pang'ono kutha ntchito, kuti tigawane antchito. Ndinagwetsa katoni yoyamba. Ndinagwetsa yachiwiri. Anandiyang'ana manja, n'kunena kuti, "Khalas, basi, khala pansi. Bambo anga aang'ono ankanjenjemera choncho. Si korona imeneyo." Sindinatsutse.

Anandipangira tiyi, n'kutsegula botolo la uchi. Asanathire analitembenuza, kuwerenga kumbuyo, kenako anakuwa ngati waona m'bale wake pa depoti. "Habibi, mnzanga, taona! Uwu ndi wa kwathu!" Anandionetsa timanambala pansi pa chizindikiro. Anati nambala imeneyo ukaitsata imakufikitsa ku kalabu ya alimi a njuchi m'boma la kwawo, ndipo m'kalabumo muli bambo ake.

Anakhala pa katoni n'kuyamba kundifotokozera, misozi ili m'maso, chifukwa nayenso ndege zinali zitaima ndipo bambo akewo ndi okalamba. Anati dziko lawo lisanalowe mu mgwirizano wa Ulaya, bambo ake ankagulitsa uchi m'mabotolo akale pamsewu. Litalowa, malamulo anabwera: chipinda choyera, zoyezera, mapepala. Mkuluyo anatukwana chaka chathunthu. Ambiri anasiya, ndipo poti malire anali atatseguka, achinyamata anathamangira ku Italy ndi ku Spain kukagwira maganyu, mudzi n'kutsala wa nkhalamba. Alongo ake awiri a madamu Mirela anapita momwemo. Koma otsalawo anasonkhana, anamanga chipinda chimodzi cha onse, anagula makina amodzi. Lero uchi wawo umakwera lole m'mudzimo n'kukatsikira ku Germany osaima pa malire, ndipo wina wa uchi umenewo ndi umene unafika pa tebulo la hotela ku Dubai. Anati, "Bambo anga sadziwa chilankhulo china chilichonse, sanakwerepo ndege. Koma nambala yawo yayenda dziko lonse, ndipo amainyadira kuposa mmene amandinyadira ine."

Ndinagwira botolo lija ndi manja awiri kuti lisagwe. Ndinamva pakamwa panga pakufunsa, ine ndisanaganize: "Nanga munthu wina atalemba nambala ya bambo anu pa uchi woipa?"

Madamu Mirela anasiya kutakasa tiyi. Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa masiki. Sanandifunse chifukwa chimene ndafunsira. Anangoti, "Unamuchita ndani?"

Abale, zaka zinayi palibe anandifunsapo. Ndinkayembekeza kuti tsiku lina adzandifunsa wapolisi kapena m'busa, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Koma mayi wachilendo atakhala pa katoni ya tomato, ndinalibe yankho lomukonzera. Ndinatchula dzina. Ndinati a Nangondo. Kanali koyamba kulitchula mokweza chichokereni kwathu, ndipo nditalitchula ndinalira ngati mwana, yunifolomu ili m'thupi. Ndinanena zonse, mavenda, timapepala, chala chodinda, buku la msonkhano. Iye sananditonthoze. Nditamaliza anandikankhira tiyi uja n'kunena kuti, "Imwa. Mayiyo ali moyo?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Matendawa akutenga okalamba. Yalla, fulumira, ukudikira chiyani?"

Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa. Ndinali nditazolowera kuganiza kuti mlanduwo udzandidikira mpaka ndidzalimbe mtima. Sindinaganizepo kuti mayiwo angaikidwe m'manda anthu akunong'onezana kuti ndi uja anaphetsa msika.

Tsopano inu amene muli ndi kanthu kanu kamene munathawa kwanu, ndipo ndikudziwa kuti mulipo chifukwa si tonse tinabwera kuno chifukwa cha ulova wokha, mverani mmene ndinayendera. Sindinayambe ndi chinthu chachikulu. Ndinayamba ndi mowa, chifukwa munthu wa matsire amalapa m'mawa n'kuiwala madzulo. Lokidauni inandithandiza masabata oyamba, koma sindinadalire geti yokhoma. Ndinauza manijala ndekha kuti ndili ndi vuto, asandiyike pafupi ndi bala. Titabwerera ku Sonapur ndinapempha kusintha chipinda, kuchoka kwa anzanga omwera nawo. Anandiseka, ananditi abusa. Ndinagwako kamodzi, sindikubisirani, koma m'mawa mwake ndinakanena kwa manijala, sindinabise.

Kenako ndinalemba kalata kwa wogula wa ku Holland. Madamu Mirela anandikonzera Chingerezi, ndipo paliponse pamene ndinalemba kuti "panachitika cholakwika" ankafufuta n'kulemba kuti "ndinachita ine." Anafufuta kanayi. Mzunguyo anayankha patapita sabata. Sanandikhululukire, ndipo sindinamupemphe. Koma ananena chinthu chimene sindinkachidziwa: khomo silinatsekedwe mpaka kale. Iye anachoka chifukwa ankaganiza kuti ngati mlimi wosamala kwambiri m'kalabumo anapezeka ndi chuku chotere, ndiye kuti onsewo ndi osadalirika. Anati kalabu ikatumiza zitsanzo zatsopano n'kupambana, angayambirenso pang'onopang'ono, ndipo pepala lake likadali limodzi lomwe lija la maiko onse. Taonani, bodza langa silinagwetse mayi mmodzi yekha. Telala, wowotcherera, akabaza, mayi wa zitumbuwa, onse ndinawasokera pa kapepala kamodzi.

Chovuta chinali kuimbira a Mbewe. Ndinaimba katatu n'kudula isanalowe. Kachinayi anayankha. Nditamaliza kulankhula anati, "Alembi, ine ndi amene ndinawerenga kalata ija pamaso pa anthu. Mwandidyetsa nyansi." Anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo asamve zoti ndalapa kwa iwo okha. Anandiuza kuti ndijambule mawu, nditchule dzina langa ndi la bambo anga, ndinene zonse. Misonkhano ikuluikulu inali yoletsedwa chifukwa cha mliri, ndiye anayenda ndi foni yawo pa njinga, khomo ndi khomo, kwa membala aliyense. Mawu anga anamveka m'makhonde a mudzi wonse. Anamvekanso kwa apongozi anga, kumene kuli mkazi wanga ndi ana. Kumeneko nkhani sinathe mpaka pano, mundipempherere.

Kalabu inatumiza zitsanzo chaka chathachi, ndipo zinapambana. Oda yake ndi yaing'ono, siyidzaza n'komwe theka la kontena, koma ndamva kuti telala watulutsanso makina ake pakhonde. Ine sindine mlembi, sindidzakhalanso. Zimene ndimachita n'kutumiza kangachepe mwezi uliwonse kuti agulire zoyezera, ndipo ndinawapempha kuti kapepala ka nambala azisokera mwini thumba yekha, ataona ndi maso ake, ndipo thumba lililonse lizitsegulidwa, likhale la wapampando kapena la mngelo.

Khomo lomaliza limene a Mbewe anafikako linali la a Nangondo. Anali moyo. Iwo sanafune kumva mawu ojambula, anati munthuyo alankhule yekha. Linali Lachisanu masana, ndili pa geti ya hotela, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo. Foni inalira, a Mbewe anati, "Nawa mayi."

Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa. Zaka zonsezi ndinkakhulupirira kuti iwo ankadziwa. Ndinkati tsiku lija anatuluka mwakachetechete chifukwa anazindikira kuti ndi ine, ndipo akhala akundisungira mkwiyo. Ndinkaona ngati ndikupita kukalandira chilango chimene chakhala chikundidikira.

Ndinati, "Mayi, ndine Fakisoni. Mtedza woipa uja sunali wanu. Ndinagula kwa mavenda, ndinalembapo nambala yanu. Ndinakulakwirani, mayi."

Ndinkamva nkhuku kumbuyo, ndi mphepo ya kwathu ikuomba mu foni.

"Alembi," anatero, mawu awo atachepa kuposa mmene ndinkawakumbukirira, "bwerezani. Makutuwa anayamba kuvuta."

Ndinabwereza.

"Ndiye kuti matumba anga aja analibe kanthu?"

"Analibe, mayi. Anu anali oyera onse."

"Onse?"

"Onse."

Ndinamva akupuma mwamphamvu. A Mbewe anandiuza pambuyo pake kuti mayiwo anakhala pansi padothi. Kenako anayamba kulankhula, osati mokalipa, koma ngati munthu amene akudziuza yekha. Anati kuyambira tsiku la msonkhano akhala akufufuza pamene analakwitsa. Mwina denga la nkhokwe linkadontha iwo osaona. Mwina maso anayamba kufooka, njere zoola zinkawadutsa. Anati anaganiza kuti ngati makina a azungu anena, ndiye kuti n'zoona, iwo ndani, munthu wosadziwa n'kulemba komwe dzina lake. Ankapita kutchalitchi n'kukhala kumbuyo. Mbewu yawo yonse anaipereka kwa oyandikana nawo. Zaka zinayi sanadzale mtedza ngakhale mzere umodzi, ndipo mtedza wogula kumsika sankawapatsa zidzukulu ukadutsa m'manja mwawo, poopa kuti angawadwalitse.

Abale, ine ndinkaganiza kuti ndinawabera dzina pamaso pa anthu. Sindinkadziwa kuti ndinawachititsa kuopa manja awo omwe.

Ndinati, "Mayi, mundikhululukire."

Anati, "Zimenezo tidzakamba mukadzabwera, ndikufuna ndidzakuoneni nkhope. Apatseni foni a Mbewe." Ndinamva foni ikusinthana manja, koma sinadulidwe, ndiye mawu awo ndinawamva bwinobwino. Sanafunse za ine, sanafunse za kalabu, sanafunse ngati anthu adzawapepesa. Anati, "A Mbewe, mvula ili pafupi. Mbewu yabwino ali nayo ndani chaka chino?"

Umboni wanga ndi umenewo. Amene muli ndi dzina la munthu limene mukuopa kulitchula, foni muli nayo m'thumba. Ambuye akudalitseni.